Mlandu wakale ndi chilolezo cha zinsinsi za boma ku America: zimene ndaona zikupulumutsa anthu ndi zimene zimawagwetsa

Anthu ambiri ofuna ntchito m'boma la United States, ku usilikali, kapena m'makampani ogwira ntchito za boma, amadzaza fomu ya SF-86, yofunsa mbiri ya munthu wofuna chilolezo choona zinsinsi za boma (clearance), bwinobwino mpaka atafika pa Gawo 22. Akangofika pamenepo, nkhongono zimazizira. Gawo limeneli ndi limene limafunsa za apolisi ndi makhothi, ndipo funso limene ndalimva kambirimbiri ndi lakuti: "Ndinamangidwapo kale, ndiye kuti za clearance ndingoziiwala?" Ayi, musaziiwale. Alipo anthu amene anapezekapo olakwa kukhothi koma lero ali ndi chilolezo cha Secret, ena cha Top Secret, chimene ndi chapamwamba kuposa Secret. Aliponso amene mlandu wawo unali waung'ono kwambiri koma anakanidwa, ndipo mukafufuza mumapeza kuti chinawagwetsa ndi zimene analemba, kapena zimene sanalembe, pa fomuyo.

Choyamba kudziwa n'chakuti chilolezochi munthu sadzipemphera yekha. Amakupempherani ndi ofesi ya boma kapena kampani imene yakulembani pa ntchito yofuna kuona zinsinsi, ndipo inu simulipira kanthu. Chimaperekedwa kwa nzika za dzikolo. Kafukufuku wambiri amachita ndi bungwe la unduna wa chitetezo lotchedwa DCSA, limene linatenga ntchitoyi mu Okutobala 2019, koma wofufuza amene amabwera kudzacheza nanu si amene amagamula. Iye amangosonkhanitsa. Wogamula ndi munthu wina amene mwina simudzamuona n'komwe, amene amakhala ndi failo yanu patebulo n'kumaiyeza ndi malangizo 13 a m'chikalata chotchedwa SEAD 4, chimene chinayamba kugwira ntchito mu Juni 2017. Malangizowo amatchulidwa ndi zilembo kuyambira A mpaka M, ndipo la milandu ndi Guideline J.

Wogamulayo sakuzengani mlandu kachiwiri, ndipo sakufuna kukulangani. Iye akuyesa kulosera ngati mungatsate malamulo osunga zinsinsi pamene palibe amene akukuonani, komanso ngati pali chinthu chimene munthu wina angakugwireni nacho pakhosi. Koma muyenera kudziwa mbali imene sikelo yake inapendekera. M'chaka cha 1988, pa mlandu wa Department of the Navy v. Egan, khothi lalikulu la dzikolo linanena kuti palibe amene ali ndi ufulu wolandira chilolezochi, ndiponso kuti ngati pali kulakwitsa, kuli bwino kulakwitsa pokana. Kukhothi la milandu, chikayikiro chimathandiza woimbidwa mlandu. Kuno chikayikiro chimathandiza boma.

Zimene zimatseka chitseko mwalamulo n'zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Lamulo lake limatchedwa Bond Amendment, la mu 2008, ndipo linalowa m'malo mwa Smith Amendment ya mu 2000. Likunena kuti munthu amene pakali pano akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo mosaloledwa, kapena amene ali kapolo wa mankhwalawo, sangapatsidwe chilolezo chilichonse. Kenaka limatchula magulu atatu: amene khothi la ku United States linamupeza wolakwa n'kumugamula kukhala m'ndende nthawi yoposa chaka chimodzi ndipo anakhaladi m'ndendemo chaka chathunthu kapena kuposa, amene anachotsedwa usilikali ndi dishonorable discharge (kuchotsedwa mwamanyazi ngati chilango cha khothi la asilikali), ndi amene khothi kapena bungwe lovomerezeka linagamula kuti mutu wake sukugwira ntchito moti sangadziyendetsere zinthu. Magulu atatuwa saletsedwa mitundu yonse ya chilolezo ayi. Amaletsedwa zinsinsi za ukazitape zotchedwa SCI, mapulogalamu apadera otchedwa SAP, ndi zinsinsi za nyukiliya zotchedwa Restricted Data, ndipo ngakhale pamenepo lamulo limalola kuti akuluakulu apereke waiver, ndiko kumukhululukira chiletsocho, ngati pali zifukwa zomveka.

Muwerenge bwino mawu a gulu loyamba lija, chifukwa ambiri amadziweruza okha molakwika. Zinthu ziwiri ziyenera kuchitika pamodzi: chigamulo choposa chaka, ndi kukhala m'ndende chaka chenicheni. Munthu amene anagamulidwa zaka zitatu koma khothi n'kuimika chilangocho, kapena amene anatuluka patatha miyezi isanu ndi itatu, sakugwidwa ndi lamuloli. Izi sizikutanthauza kuti wapulumuka. Zikungotanthauza kuti nkhani yake ipita ku Guideline J monga ya wina aliyense, kumene iyezedwa m'malo mongotsekeredwa kunja.

Tsopano Gawo 22 lenilenilo, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Lili ndi mafunso a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umafunsa za zaka 7 zapitazi: ngati munalandirapo samani kapena tikiti yokuitanani kukhothi pa mlandu, ngati munamangidwapo, ngati munaimbidwapo mlandu, kupezeka wolakwa kapena kugamulidwa, ngati munakhalapo pa probation (kuyang'aniridwa muli kunja kwa ndende mwalamulo la khothi) kapena parole (kutulutsidwa m'ndende nthawi isanakwane koma mukuyang'aniridwa), ndiponso ngati pali mlandu umene ukudikira kuzengedwa. Matikiti a pamsewu a faindi yosakwana madola 300 mumawasiya, pokhapokha ngati munali mowa kapena mankhwala. Mtundu wachiwiri uli ndi liwu limodzi lolembedwa m'zilembo zazikulu, EVER, kutanthauza moyo wanu wonse. Pamenepa amafunsa ngati munakhalapo m'ndende chaka monga tafotokozera, ngati munaimbidwapo mlandu wa felony (mlandu waukulu), ngati munapezekapo wolakwa pa nkhanza za m'banja kapena kuchitira chiwawa mwana wanu, mkazi kapena mwamuna wanu kapena munthu amene mumakhala naye, ngati munaimbidwapo mlandu wokhudza mfuti kapena zophulika, ndi ngati munaimbidwapo mlandu wokhudza mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Kuimbidwa mlandu ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo fomu imasankha mawu ake mwadala. Tiyerekeze munthu amene ali ndi zaka 19 anamenyana ndi mnzake pamalo omwera mowa. Apolisi analemba mlandu wa felony, loya anakambirana ndi woimira boma, mlandu unatsitsidwa kufika pa misdemeanor (mlandu waung'ono), iye analipira faindi n'kupita kwawo. Patatha zaka 15 akudzaza fomu, akukumbukira zakuti analipira faindi pa kamlandu kakang'ono, ndipo pa funso la felony akuchonga "No". Walakwitsa. Funsolo silikufunsa mmene mlandu unathera, likufunsa mmene unayambira. Ndipo pepala la zidindo zake za zala limene lidzachokera ku FBI, bungwe lofufuza milandu la boma lalikulu la dziko lonse, nthawi zambiri limasonyeza mlandu umene anamangidwira, pomwe mzere wa mmene unathera umapezeka wopanda kanthu.

Msampha wachiwiri ndi wa milandu yofufutidwa. Loya amauza munthu moona mtima kuti mlandu wake wafufutidwa, kapena wamatidwa, ndipo akafunsidwa pofuna ntchito akhoza kuyankha kuti sanamangidwepo. Pansi pa malamulo a chigawo chimene akukhala, malangizowo angakhale olondola. Pa SF-86 sagwira ntchito. Pamwamba penipeni pa Gawo 22 palembedwa kuti muulule ngakhale mukukhulupirira kuti mlanduwo unamatidwa, unafufutidwa, unachotsedwa m'mabuku a khothi, kapena unathetsedwa. Chokha chimene fomu imalola kusiya ndi mlandu wa mankhwala wa pansi pa lamulo la boma lalikulu umene khothi linafufuta pogwiritsa ntchito lamulo la 21 U.S.C. 844 kapena 18 U.S.C. 3607, ndipo anthu amene ali ndi chifufuto chotere ndi ochepa zedi. Mafunso a EVER alibenso malire a msinkhu, choncho zimene zinachitika muli mwana wa sekondale zimalowa. Zimene zinachitika kunja kwa United States zimalowanso, ndipo amene munabadwira kwina n'kudzakhala nzika pambuyo pake musaiwale zimenezi. Mapulogalamu amene khothi limakupatsani zochita kenaka n'kuthetsa mlandu, monga diversion, safafaniza chilungamo chakuti munaimbidwa mlandu.

Chifukwa chimene ndikukhalira pamenepa nthawi yaitali n'chakuti kusiya chinthu pa fomu kumasamutsa nkhani yanu kuichotsa ku Guideline J kupita nayo ku Guideline E, imene imayang'ana khalidwe ndi kunena zoona. Mlandu wa zaka 12 zapitazo uli ndi mankhwala ake, ndiwo nthawi. Bodza la pa fomu ndi la chaka chino, ndipo palibe zaka zimene mungaloze kuti mwasintha. Kuwonjezera apo, kunama dala pa fomuyi ndi mlandu pawokha pansi pa 18 U.S.C. 1001, umene chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende. Ndimaona kuti anthu amaopa kwambiri ndendeyo, koma chimene chimawachitikira kawirikawiri ndi kukanidwa chilolezo, ntchito n'kupita, ndipo kukanidwako kumawatsata pa fomu iliyonse imene adzadzaze m'tsogolo.

Ngati mwatumiza kale fomu n'kuzindikira kuti munasiya kanthu, musadikire wofufuza. Lemberani wachitetezo wa kuntchito kwanu tsiku lomwelo, amene m'makampani amatchedwa FSO, ndipo musunge kope la uthengawo. Guideline E imafewetsa nkhani ngati munthu anakonza yekha msanga asanaonetsedwe umboni. Mawu akuti "asanaonetsedwe" ndi olemera. Wofufuza akakhala nanu amadutsa fomu tsamba ndi tsamba, ndipo akafika pa Gawo 22 amakonda kuwerenganso funso n'kufunsa ngati pali china chimene mukufuna kuwonjezera. Kaŵirikaŵiri amafunsa pepala la ku FBI lili kale m'chikwama chake. Mukanena panthawi imeneyo, lipoti lidzati munaulula nokha. Mukakana, iye n'kutchula tsiku ndi dzina la polisi, lipoti lidzati munavomera mutaonetsedwa. Kusiyana kwake ndi mphindi imodzi, koma wogamula amawerenga ziganizo ziwirizo mosiyana kwambiri. Ngati munasiya chifukwa loya anakuuzani motero, pemphani loyayo alembe kalata yotsimikiza, pakuti malangizo amavomereza chifukwa chimenechi ngati munaulula mwamsanga mutadziwa zoona.

Kodi Guideline J imayang'ana chiyani? Imadandaula ndi milandu ing'onoing'ono yobwerezabwereza, imene umodzi pawokha sukanavuta koma ikaunjikana imasonyeza munthu wosalabada malamulo. Imadandaula ndi umboni wa khalidwe lophwanya malamulo ngakhale munthu sanaimbidwe mlandu kapena khothi linamumasula, choncho kuthetsedwa kwa mlandu chifukwa mboni sinabwere sikutseka nkhani. Imadandaula ngati muli pa probation kapena parole pakali pano, ngati munaphwanya malamulo a probation kapena kulephera kumaliza maphunziro amene khothi linalamula, komanso ngati munachotsedwa usilikali mosakhala ndi Honorable, liwu losonyeza kuti munatuluka mwaulemu.

Zofewetsa zilipo zinayi: papita nthawi yaitali kapena zinachitika m'nyengo yachilendo moti n'zokayikitsa kuti zingabwerezeke, munakakamizidwa ndipo chokukakamizanicho chinachoka m'moyo wanu, palibe umboni wodalirika wakuti munachitadi, kapena pali umboni wakuti munasintha, monga kubweza zimene munawononga, kumaliza probation bwino, maphunziro, mbiri yabwino ya kuntchito ndi kuthandiza m'dera lanu. Anthu amafuna nambala, kuti zaka zingati zikwane. Malangizo sapereka nambala, ndipo aliyense wokuuzani kuti zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri ndi lamulo akungonena zimene waona, osati zolembedwa. Chimene ndingakuuzeni ndi mmene wogamula amawerengera nthawi. Zaka zimene munali m'ndende kapena pa probation sazilemekeza kwambiri, chifukwa munthu amene akuyang'aniridwa amakhala bwino pokhala kuti akuyang'aniridwa. Nthawi imene imalemera ndi imene inayamba tsiku limene anakumasulani kotheratu. N'chifukwa chake munthu amene watsala ndi miyezi inayi kuti probation ithe ndimamulangiza kuti, ngati ntchito ingadikire, adikire, kapena afunse loya wake ngati khothi lingavomere kuithetsa msanga.

Pamwamba pa zonsezi pali zimene amati kuyang'ana munthu yense: kukula kwa cholakwacho, msinkhu wanu panthawiyo, ngati munachita mwakufuna kwanu, kangati, liti, chifukwa chiyani, ndi mpata woti wina angakuopsezeni nacho. Mfundo yomalizayi ndi imene imachititsa wofufuza kufunsa kuti, "Ndani akudziwa za nkhaniyi?" Ngati mkazi wanu kapena mwamuna wanu sadziwa kuti munamangidwapo, chinsinsicho ndi chingwe chimene mdani angakukokereni. Auzeni a kunyumba musanakumane ndi wofufuza.

Mlandu sukhala pa Guideline J yokha. Kuyendetsa galimoto mutaledzera kumadzutsanso Guideline G ya mowa, ndipo pamenepo DUI (ndilo dzina la mlandu umenewu) imodzi ya kale kwambiri si yofanana ndi ziwiri za m'zaka zitatu. Pa ziwirizo adzafuna kudziwa mmene mumamwera lero, mwinanso kukutumizani kwa dokotala kuti akuyezeni, ndipo ngati munauzidwa kuti musiye koma mukumwabe "pang'ono", nkhani yavuta. Mlandu wa chamba umadzutsa Guideline H. Zigawo zambiri zinaloleza chamba, koma chilolezo cha zinsinsi chimatsata lamulo la boma lalikulu, ndipo kusuta mutasaina kale fomu ndi chimodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kuzifotokoza. Chimene chimathandiza kumeneko ndi kalata yosainidwa yolonjeza kusiyiratu, yovomereza kuti mukadzabwereza akulandeni chilolezo, limodzi ndi kusiyana ndi anzanu osuta. Faindi kapena ndalama zobweza zimene simunamalize kulipira zimadzutsa Guideline F ya ngongole. Mlandu wa nkhanza za m'banja uli ndi vuto linanso lapadera: lamulo la Lautenberg Amendment la mu 1996 limaletsa munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wotere, ngakhale wa misdemeanor, kugwira mfuti, moti ntchito ya usilikali kapena ya ulonda wa mfuti imatsekeka ngakhale chilolezo chitatheka.

Musanayambe kudzaza fomu, sonkhanitsani mapepala, ndipo musadalire kukumbukira. Pemphani ku FBI mbiri yanu yotchedwa Identity History Summary. Mumatumiza zidindo za zala ndi madola 18, n'kuona zimene boma lidzaone. Kenaka pitani kapena lemberani kalaliki wa khothi lililonse limene munaonekerako, mupemphe kope lotsimikizidwa la pepala losonyeza mlandu umene munaimbidwa, mmene unathera, ndi chilango. Mupezenso kalata yakuti probation inatha, malisiti a faindi, ndi satifiketi ya maphunziro a mowa kapena a kuugwira mtima ngati analamula. Khothi likanena kuti mafailo a zaka zimenezo anawonongedwa, pemphani kalata yonena zimenezo. Nayonso ndi umboni. Tsiku limene simukulikumbukira bwino, lembani loyandikira n'kuchonga kabokosi kosonyeza kuti mwangoyerekeza. Malipoti a apolisi muwawerenge ngakhale akuwawa, chifukwa wogamula adzawerenga amenewo, ndipo nkhani yanu ikasiyana kwambiri ndi yawo muyenera kudziwiratu posiyanapo.

M'malo ofotokozera pa fomu lembani mwachidule: chinachitika n'chiyani, khothi linati chiyani, munamaliza liti, chasintha n'chiyani. Musadzudzule wapolisi, loya kapena mkazi wakale. Ngati munapezeka wolakwa pa felony, oweruza a nkhani za chilolezo salola kuti muyambenso kutsutsa kuti simunachite, ndipo munthu amene anavomera kukhothi koma lero akuti anangovomera kuti zithe amaoneka ngati sanavomerebe kulakwa kwake. Kusintha kumayamba kuwerengedwa pamene munthu wavomera.

Yembekezerani kuti chilolezo chogwirizira, chija amati interim, mwina sichiperekedwa ngati pa fomu pali mlandu. Kukanidwa interim si kukanidwa chilolezo chenicheni, koma muuzeni bwana wanu msanga kuti adziwe ngati angakupatseni ntchito ina podikira.

Wogamula akakhala kuti sanakhutire, amatumiza kalata yotchedwa Statement of Reasons, imene imandandalika nkhawa zake chimodzichimodzi. Kwa ogwira ntchito m'makampani a pansi pa unduna wa chitetezo, mumakhala ndi masiku 20 kuchokera pamene mwailandira kuti muyankhe molemba, molumbira, kuvomera kapena kukana mfundo iliyonse. Mungapemphe kukaonekera pamaso pa woweruza wa ofesi ya DOHA, imene imamva nkhani za chilolezo ku undunawo, kapena kuti agamule poona mapepala okha. Pa nkhani ya mlandu wakale, ine ndimati pemphani kukaonekera. Kusintha kwa munthu sikuoneka bwino papepala, ndipo pamaso pa woweruza mungabwere ndi bwana wanu kapena wina wokudziwani. Mboni zimenezi, ngakhale makalata okuchitirani umboni, zikhale za anthu amene akudziwa mlanduwo ndipo akuutchula. Kalata yongoti ndinu munthu wabwino, yolembedwa ndi amene sadziwa kuti munamangidwapo, ilibe kulemera. Mukasankha mapepala okha, boma limakutumizirani failo yake ndipo mumakhala ndi masiku 30 oti muwonjezere umboni. Ambiri satumiza kalikonse, woweruza n'kutsala ndi mbali ya boma yokha. Mukagonja, mumakhala ndi masiku 15 odziwitsa kuti mukuchita apilo, koma bungwe la apilo sililandira umboni watsopano, limangoona ngati woweruza analakwitsa. Umboni wonse uyenera kulowa poyamba. Asilikali ndi ogwira ntchito m'boma mwachindunji ali ndi njira yawo yosiyanako, ndipo masiku oyankhira amalembedwa m'kalata imene alandira. Amene wakanidwa kotheratu kudzera ku DOHA amadikira chaka chimodzi, kenaka kampani ikhoza kumupempheranso, iye n'kusonyeza chimene chasintha.

Kwa amene muli nacho kale chilolezo n'kumangidwa, zakale zodikira kafukufuku wa zaka 5 kapena 10 zinatha. Tsopano pali continuous vetting, imene imayang'ana mabuku a apolisi ndi a ngongole nthawi zonse, ndipo zidindo za zala zikatengedwa kupolisi uthenga ukhoza kufika kwa a chitetezo m'masiku ochepa. Chikalata cha SEAD 3 chimalamula kuti muziulula nokha kumangidwa kulikonse. Mukamangidwa Loweruka usiku, Lolemba m'mawa muonane ndi FSO, musanadziwe n'komwe mmene mlandu udzathere. Loya wanu wa mlanduwo mumuuzenso kuti muli ndi chilolezo asanayambe kukambirana ndi woimira boma, chifukwa probation ya zaka ziwiri imene kwa iye ikuoneka ngati chipambano ingakhale zaka ziwiri zimene Guideline J ikukuwerengani ngati munthu amene adakali pa chilango.